Pokatsukitsa galimoto, ndalama yanu izigula kupukuta

Sabata ino ndikupempha kuti tisiye kaye za mtengo wa chimanga, soya ndi feteleza, tikambe za kanthu kamene ambiri timakaona ngati kachabechabe mpaka tsiku limene katidyera ndalama. Ndikunena mawanga oyererako aja, ozungulira ngati timaso ta usipa, amene amakakamira pamagalasi a galimoto ndipo sachoka ngakhale mutsuke katatu.

Nkhaniyi idandipeza pamsewu wa M1 mwezi wathawu. Ndinkachokera ku Dedza komwe ndidakafunsa mitengo ya mbatata ya kachewere, ndipo pobwerera ku Lilongwe ndidakwera Sienta ya alamu anga amene amanyamula anthu pamsewu umenewu. Masana galasi lawo lakutsogolo linkaoneka labwinobwino, kungoti ukayang'anitsitsa unkaona timawanga ngati wina wawazapo madzi a ufa. Dzuwa litapendeka n'kuyamba kutiwomba kumaso, galasi lonse lidayera mbee. Kutada zinthu zidafika poipa. Thiraki iliyonse yochokera kutsogolo ikatiwalira, kuwalako kunkamwazika galasi lonse, msewu osaoneka. Alamu ankayendetsa atasendezera mutu pachiwongolero, akusuzumira ngati munthu wofunafuna singano. Chakufupi ndi Nathenje tidatsala pang'ono kuwomba bambo wina amene ankakankha njinga ya makala m'mbali mwa msewu.

Mtima utakhala m'malo ndidafunsa: “Alamu, kodi galasili mudatsukitsa liti?”

“Lero lomwe m'mawa, alamu. Ine galimoto yanga imatsukidwa tsiku lililonse, sindifuna makasitomala azinditcha wauve.”

Vutolo lili pomwepo. Galasi la alamu lidaonongeka ndi kutsuka komweko. Anyamata amene amawatsukira amatunga madzi pamjigo, amathiramo sopo waufa, amakwecha, n'kukhuthulira ndowa ya madzi otsukuluza, basi, ulendo pa galimoto ina. Kuumitsa amasiyira dzuwa. Maganizo anga ndi oti pa ntchito yonse yotsuka galimoto, gawo limene likuyenera ndalama yathu kwambiri ndi lomalizali, lopukuta madzi asanaume okha, ndipo ndi gawo lomwelo limene tonse, otsuka ndi otsukitsa, talisandutsa la basela.

Ndifotokoze kaye chimene chimachitika. Madzi a pansi pa nthaka akamayenda m'miyala amasungunula timchere, makamaka calcium ndi magnesium. Calcium ameneyu ndi yemwe ali m'miyala ya laimu ngati imene amakumba ku Balaka. M'maso madziwo amaoneka oyera, kumwa amamweka. Koma dontho likagwera pagalasi lotentha, madzi amaphwa, timchere tija timatsala. N'chifukwa chake banga lililonse limakhala ndi mkombero: dontho limayamba kuuma m'mphepete ndipo laimu amaunjikana momwemo. Mawa mwatsukanso, wina wasanjikizana pamwamba pa wadzulo. Amayi amene amawiritsa madzi a pamjigo akudziwa zimene ndikunena. Chikhungwa choyera chimene chimamata pansi pa ketulo ndi chomwechi.

Ngati muli ndi malo otsukira magalimoto ndipo mukufuna kudziwa madzi anu, simukufunika makina. Thirani madziwo m'botolo mpaka theka, ikanimo kachidutswa ka sopo wosambira, khutchumulani. Thovu likadzaza botolo, madzi anu ali bwino. Akangoyera ngati mkaka wosukuluka, thovu lochepa ndi tinyenyeswa tikuyandama, muli laimu wambiri. Musayesere ndi sopo waufa, chifukwa ameneyu adapangidwa kuti azichita thovu ngakhale m'madzi a laimu, ndiye akunamizani. Komanso ndi thovu lomweli limene limatinamiza ife eni galimoto. Tikaona galimoto yakutidwa ndi thovu timati ntchito yagwirika.

Kawirikawiri madzi a m'mitsinje ndi m'madamu amakhala ndi timchere tochepa poyerekeza ndi a pansi. Lilongwe Water Board imadalira mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu ku Malingunde, pamene Blantyre Water Board imapopa madzi ake ambiri mu Shire pa Walker's Ferry. Koma otsuka magalimoto ambiri amene ndawayendera sadalira mpopi, chifukwa cha bilu komanso chifukwa mpopi ukauma bizinesi imaima. Amakumba chitsime, kapena amatuma ana kukatunga pamjigo ndi zigubu. Kuchigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kuli mijigo imene madzi ake ngakhale lilime limamva mchere. Galimoto yotsukidwa ndi madzi otere siyichedwa kuchita mawanga. Ndisanaiwale, ngakhale madzi a pampopi amasiya mawanga mukawalola kuumira pagalasi. Amangochedwerapo.

Mankhwala ake, ngati mawangawo sadakhalitse, ali m'golosale. Ndi viniga woyera, yemwe uja timathira mu tchipisi. Muli asidi wofooka wotchedwa acetic acid, pafupifupi magawo 5 pa 100 aliwonse, ndipo asidi ameneyu amasungunula laimu osakhudza galasi. Sakanizani theka viniga, theka madzi abwino. Ndikati madzi abwino ndikunena a mvula, kapena aja osungunulira batire amene amagulitsidwa m'mabotolo pamalo omwetsera mafuta, amene alibe asidi ngakhale mchere uliwonse. Kusakaniza viniga ndi madzi a pamjigo omwe aja n'kumutopetsa asanayambe ntchito.

Imikani galimoto pamthunzi, galasi lizizire. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Yambani mwatsuka fumbi lonse ndi madzi ambiri. Kenako nyikani thaulo mu viniga uja n'kuliyala pagalasi kwa mphindi zitatu mpaka zisanu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amangowaza viniga n'kupukuta nthawi yomweyo, kenako n'kumati sagwira ntchito. Asidi wofooka amafuna nthawi, ndipo amagwira ntchito pokhapokha pamalopo pakadali ponyowa. Pamagalasi a m'mbali, pomwe thaulo limatsetsereka, likanikizeni pamwamba ndi galasilo potseka. Nthawi ikakwana tikitani mozungulira ndi thaulo lomwelo, tsukuluzani, pukutani ndi nsalu youma. Pa mawanga okhalitsa mubwereza kawiri kapena katatu, ndipo mukhoza kugwiritsa viniga wosasakaniza. Kumene viniga sapezeka, madzi a mandimu amagwira ntchito yomweyo. Muwasefe kaye ndipo mutsukuluze bwino chifukwa amasiya nomata. Viniga akayenderera pa penti musamusiye aumirepo, chifukwa amachotsa polishi.

Pali zinthu ziwiri zoti musasakanize. Ndaonapo ena akuthira soda, uja wophikira therere, mu viniga, n'kumasangalala ndi kuwira kumene kumachitika. Kuwirako ndi chizindikiro choti ziwirizo zaphana mphamvu, chotsala ndi madzi amchere. Chachiwiri ndi choopsa: viniga kapena asidi aliyense asakumane ndi Jik. Pamatuluka mpweya wa chlorine umene umapweteka mapapo ndi maso.

Zonsezi ndi za kunja kwa galasi. Mkati muli nkhani ina. Tinti amamatidwa mkati ndipo ndi pulasitiki, amakandika msanga. Timizere topyapyala ta pagalasi lakumbuyo, tija timatenthetsa galasi kuti nkhungu ichoke, tilinso mkati, ndipo tikaduka taduka. Mkati gwiritsani nsalu yofewa yonyowa basi.

Nanga viniga akalephera? Izi zimachitika, ndipo munthu wochita malonda mwachilungamo ayenera kudziwa chifukwa chake. Choyamba, madzi ena a pansi amakhala ndi silica, chinthu chomwecho chimene amapangira galasi, ndipo viniga samusungunula. Chachiwiri, mawanga akakhala miyezi akuwotchedwa ndi dzuwa, amayamba kudya khungu la galasilo, kusiya timaenje tosaoneka ndi maso. Zikafika apa chimene mukuona si dothi lokhala pamwamba ayi, ndi chipsera. Yesani ndi chikhadabo. Mukamva kakhambi kotukuka, chilipo chochotsa. Ngati pamalopo pali see koma mkombero ukuonekabe mutapaka viniga katatu, galasi ladyeka, ndipo palibe madzi a m'botolo amene angabwezeretse.

Chimene chimathandiza pamenepo ndi kupala khungu la galasilo pang'ono kwambiri ndi polishi wa magalasi. Amisiri amagwiritsa ufa wotchedwa cerium oxide, wosakaniza ndi madzi, pa kamakina kozungulira. Kwa ife a nkhani za chuma pali kanthu koseketsa apa: cerium ali m'gulu la miyala ya rare earth imene ili paphiri la Kangankunde ku Balaka konko, koma ufawo tikaufuna timaitanitsa kunja ndi madola. Ntchito imeneyi si ya aliyense. Ukakhalitsa malo amodzi galasi limatentha ndipo likhoza kung'aluka, ndipo ukapala kwambiri pamakhala kadzenje kamene kamapotoza zimene dalaivala akuona, ngati akuyang'anira m'botolo. Pa galasi la m'mbali zimapiririka. Pamaso penipeni pa dalaivala, ayi.

Tsopano ndifike pa zimene zimandiwawa. M'malo ena otsukira magalimoto muli “akatswiri” amene amakuuza kuti mawangawo awachotsa pa mphindi ziwiri, n'kutulutsa kabotolo kopanda dzina. Nthawi zina mumakhala asidi wa batire. Ameneyu ndi sulphuric acid; amadya penti, labala wa mawaipa, chitsulo cha m'mphepete mwa galasi, malaya a mnyamata amene akupakayo, ndipo akalowa m'maso nkhani yatha. Chomvetsa chisoni n'choti pa laimu sathandizanso kwenikweni, chifukwa akakumana ndi calcium amapanga chikhungwa china chosasungunuka msanga. Nthawi zina m'kabotolomo mumakhala mankhwala owalitsira malimu a aluminiyamu. Ena mwa mankhwala amenewa amakhala ndi hydrofluoric acid kapena ammonium bifluoride, ndipo mukaona mayina amenewa pachigubu, dziwani kuti mwagwira asidi amene amadya galasi lenilenilo. Mawanga amachokadi, galasi limawala tsiku limenelo, koma akakhalitsa pang'ono kapena kuyenderera amasiya mizere yotuwa imene sidzachokanso. Pakhungu la munthu ndi woipa kuposa pamenepo: amalowa mkati osawawa nthawi yomweyo, ululu umadzayamba patapita maola, atafika kale pafupi ndi fupa. Mnyamata amene akupaka zimenezi ndi manja opanda magolovesi, kuti alandire ndalama ya tchipisi, sadziwa zimenezi. Mwini malo amene adagula chigubucho ali ndi udindo wowerenga zimene zalembedwapo. Safunsa adadya phula.

Ena sagwiritsa asidi koma amakwecha. Mchenga ndi wolimba kuposa galasi, choncho phulusa losakanikirana ndi mchenga, kapena sanza imene yagwa pansi n'kungoikung'untha, imakanda. Siponji yobiriwira ija yokwechera mapoto imakandanso. Pali waya wofewa kwambiri, wolembedwa 0000 papaketi, amene amisiri amagwiritsa kunja kwa galasi ali wonyowa, koma waya wa pamsika wokwechera mapoto si ameneyo. Lumo latsopano, logonekedwa pagalasi lonyowa, limachotsa penti kapena zomata, koma ladzimbiri limalemba mzere. Mzere wa pagalasi lakutsogolo masana suoneka. Usiku umasanduka nyenyezi pa nyali iliyonse yobwera.

Wina anena kuti mtolankhaniyu akukulitsa nkhani ya madontho a madzi. Tiyeni tione kumene kuli ndalama. Galimoto zambiri zimene zili pamisewu yathu ndi zakale zochokera ku Japan, zodzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Magalasi ake sitipanga kuno. Lililonse limabwera ndi ndalama zakunja, zomwe ndi zosowa, ndipo kuchokera pamene kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene adapitapo kukafunsa mtengo wa galasi lakutsogolo akudziwa mmene amabwerera. Sindilemba mtengo pano chifukwa umasiyana ndi mtundu wa galimoto ndipo umasintha sabata isanathe. Imbani nokha kwa ogulitsa, kenako funsani mtengo wa botolo la viniga, muyerekeze. Ukathawira ku la kaunjika ku Biwi kapena ku Ndirande, ukhoza kupeza lotchipirapo, koma nalo likhoza kukhala ndi mawanga ake, ndipo likamatidwa molakwika mvula yoyamba imakupeza m'kati. Onjezani tsiku limene galimoto ya malonda yaima osagwira ntchito.

Chinanso n'choti galasi long'aluka aliyense amaliona, ngakhale wapolisi wa pamsewu akhoza kukufunsa. La mawanga limadutsa pa roadblock masana popanda wolinena. Vuto lake limaoneka nthawi imene dalaivala akufunitsitsa maso: dzuwa likamatuluka, likamalowa, usiku, ndi mvula ikamagwa, pamene mawaipa amalumphalumpha pa laimu n'kumasiya mizere. Misewu yathu yambiri ilibe nyali, ndipo m'mbali mwake mumayenda anthu, akabaza, ngolo ndi mbuzi.

Ndiye wolakwa ndani? N'kosavuta kuloza chala anyamata otsuka, koma ine sindikuvomereza kuti mlandu wonse ndi wawo. Tiwerengere limodzi, ndipo manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti mnyamata amatsuka galimoto 10 patsiku pa K3 000 iliyonse, ndiye kuti K30 000. Akati azipukuta bwinobwino, magalasi, magalasi oonera kumbuyo, m'mphepete mwa labala momwe madzi amabisala n'kudzayenderera pambuyo pake, zimudyera mwina mphindi 10 pa galimoto. Pa galimoto 10 ndi mphindi 100, ndiye kuti patsiku achepetsa galimoto ziwiri. Kuti apezebe K30 000 yake pa galimoto 8, iliyonse iyenera kulipira K3 750. Funso ndi loti: ndi angati mwa ife amene tingavomere K750 yapamwambayo osayamba kunenerera? Timafika ndi changu, injini osazimitsa, “mphwanga tangoipaka madzi ndikuthamanga”, kenako n'kudula mtengo pakati. Mnyamatayo akutipatsa chimene talipira.

Komabe mpira uli kwa eni malo otsukira, chifukwa ndi iwo amene angapindule. Bizinesi imeneyi yadzaza. M'tauni simuyenda mtunda wautali osaona ndowa, paipi ndi chikwangwani. Onse akupikisana pa chinthu chimodzi, kutsitsa mtengo, ndipo mpikisano wotere umathera pa onse kusauka. Amene angayambe kugulitsa galasi loyera adzakhala ndi chinthu chimene anzake alibe, ndipo mpamba wake ndi wochepa.

Choyamba ndi mthunzi. Sheds ya malata kapena ukonde wa mthunzi pamalo okwana galimoto imodzi, pomwe galimoto izitsukuluzidwa ndi kupukutidwa, ikusintha zambiri, makamaka mu October pamene boneti imatentha moti dontho limauma usanatembenuke. Chachiwiri, denga lomwelo likupatsani madzi abwino aulere. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, imapereka lita imodzi. Denga la mamita 6 kwa 5 likalandira mvula ya mamilimita 10, ndi malita 300, kuposa mgolo wa malita 200. Madzi oyamba otsuka fumbi la padenga muwataye, otsatirawo musunge m'migolo yovindikira. Simukufunika kutsuka galimoto yonse ndi madzi amenewa. Tsukani ndi a pamjigo monga mwa nthawi zonse, koma ndowa yomaliza ya pamagalasi ikhale ya mvula. Malita asanu amakwana galimoto yaing'ono, choncho mgolo umodzi ndi galimoto 40. Chilimwe chikatalika migolo idzauma, inde, ndipo pamenepo chotsala ndi liwiro la dzanja: tsukani mbali imodzi, pukutani, kenako pitani mbali ina, m'malo monyowetsa galimoto yonse n'kuyamba kufunafuna nsalu.

Nsalu nazo zisiyanitsidwe. Ya magalasi isakhudze matayala, isagone pansi, ndipo izichapidwa payokha. Ndaonapo thaulo limodzi likuyenda kuchokera pa malimu kupita pagalasi lakutsogolo mwini galimoto ali pomwepo akusewera pafoni. Kalabala kokokera madzi, konga ka waipa kokhala ndi chogwirira, kamachotsa madzi ambiri pa kukoka kumodzi ndipo kamachepetsa mphindi 10 zija. Pomalizira, nyuzipepala yakale yofwanyidwa imawalitsa galasi bwino. Sindikhumudwa mukagwiritsa tsamba lino, bola muyambe mwaliwerenga.

Kuchotsa mawanga akale kukhale ntchito yapayokha yokhala ndi mtengo wake pachikwangwani. Koma apa ndikuchenjezeni amalonda anzanga: musalonjeze musanayese. Sankhani kamalo kakang'ono pakona, pakani viniga kasitomala akuona, dikirani mphindi zisanu. Pakayera, gwirizanani mtengo. Pakakana, muuzeni zoona kuti galasi ladyeka ndipo inu mungochepetsako. Mukalandira ndalama ya galasi loyera n'kubweza la mawanga, muyesedwa kutenga kabotolo ka asidi kaja kuti mupulumutse nkhope, ndipo mapeto ake ndi mkangano wa galasi latsopano umene ungadye phindu la miyezi.

Kwa eni galimoto, makamaka a minibasi, mataxi ndi ena amene galimoto ndi munda wawo, pali zina zimene otsuka sangakuchitireni. Kathanki ka madzi a mawaipa musamathiremo a pamjigo. Nthawi iliyonse mukawaza pagalasi lotentha mukudzipakira laimu nokha, ndipo timabowo towazira timatsekeka ndi laimu yemweyo. Thiranimo a mvula osefa kapena aja a m'botolo. Labala wa mawaipa muzimupukuta ndi kansalu ka viniga, ndipo akauma n'kuyamba kulira msintheni. Samalani poimika galimoto: pafupi ndi kapinga amene akuthiriridwa ndi paipi yozungulira, galimoto imanyowa ndi kuuma kangapo tsiku limodzi. Pansi pa nyumba imene ikumangidwa ndi poipa kuposa apo, chifukwa madzi odontha kuchokera pa simenti amadya galasi msanga. Ndipo si tsiku lililonse limene galimoto ikufunika ndowa. Kutsuka kawiri pasabata kopukuta bwino kumasunga galasi kuposa kasanu ndi kawiri kosiyira dzuwa.

Ogula galimoto nawo amve. Galimoto zoyalidwa m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre zimathiridwa madzi m'mawa uliwonse n'kukhala padzuwa tsiku lonse, zina kwa miyezi zikudikira wogula. Galasi lonyowa limabisa mawanga onse, choncho musaone galimoto imene yangotsukidwa kumene; dikirani iume. Imani chammbali, muyang'ane galasi mopendeketsa molunjika kumene kuli dzuwa, kapena walitsani tochi ya foni kuchokera mkati. Yendetsanipo chikhatho. Ngati mawanga alipo, pemphani kuyesa viniga pakona. Akachoka, nkhani ndi yaing'ono. Akakana, mtengo wa galasi uchotsedwe pa mtengo wa galimoto, ndipo wogulitsa amene akukana kuti muyese wakuuzani kale yankho. Kwa ogulitsa, mnyamata mmodzi wokhala ndi nsalu youma akhoza kukupulumutsirani ndalama zambiri kuposa malipiro ake a pamwezi.

Za alamu anga, Loweruka lotsatira tidaimika Sienta ija pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwawo, ndi mabotolo awiri a viniga ndi mathaulo akale a achemwali. Magalasi a m'mbali adayera pa ulendo wachiwiri. Lakutsogolo lidatitengera maulendo anayi, ndipo lidayera mbali yaikulu, kupatula kachigawo ka m'munsi kumanzere, komwe madzi ankakhazikika pansi pa waipa; pamenepo ladyeka ndipo tapasiya choncho popeza sipali pamaso pa dalaivala. Anyamata awo aja sadawasiye. Adagwirizana zoti galimoto izitsukidwa Lolemba ndi Lachisanu lokha, m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo amawonjezera kangachepe pa mtengo wakale kuti azipukuta. Thaulo la magalasi amayenda nalo okha m'jumbo pansi pa mpando.